Ulendo wokaona miyala ku Kirstenbosch

Lachinayi usiku, m'basi, titangodutsa Bloemfontein

Tanyamuka pa Park Station ku Joni 4 koloko madzulo m'malo mwa 3. Ola lonselo linathera pa katundu wa mayi wina amene ananyamula chilichonse cha m'nyumba mwake kupatula chitseko. Tikiti ndagula R750, mpando wa pawindo, kumbuyo pafupi ndi chimbudzi, ndiye musandifunse za fungo.

Anzanga kushedi kumene timawotcherera mageti andiseka sabata yonse. Wina anati, "Makilomita 1,400 kukaona miyala? Ku Dedza kwanuko miyala inatha?" Ndinangoseka nawo, chifukwa nkhani yake njaitali ndipo galainda ikamalira munthu sungafotokoze za agogo ako.

Agogo anga aamuna anakhala zaka zambiri ku Halale, m'mafamu a fodya cha ku Sipolilo, kumene masiku ano amati Guruve. Atabwerako anabweretsa sutikesi yachitsulo, njinga, ndi mutu wamwala wakuda, waukulu ngati papaya. Unali ndi maso otsinzina ndi milomo yotukuka ngati munthu wofuna kuimba likhweru. Ankati anasema okha. Agogo aakazi sankakhulupirira, ndipo mutuwo ankaimikira chitseko cha khitchini kuti mphepo isamachimenyetse. Ife ana tinkauopa, usiku tinkaulambalala. Maliro a agogo atatha, mutu uja sunaonekenso, ndipo mpaka lero palibe amene amavomera kuti anautenga.

Msuweni wanga wa ku Kepi ndiye anayambitsa zonsezi. Ananena pafoni mongocheza kuti abwana ake amati m'munda wa maluwa wa boma wa Kirstenbosch, pafupi ndi kuntchito kwake, muli ziboliboli za miyala za ku Zimbabwe zongokhala pakapinga. Kuyambira tsikulo mtima sunakhale m'malo.

Mayi amene ndakhala naye mpando umodzi akupita ku Khayelitsha. Wandigawira ntchafu ya nkhuku ndi buledi osandifunsa dzina. Ine ndinali ndi mtedza wokazinga basi, koma walandira ndi manja awiri.

Lachisanu m'bandakucha, Beaufort West

Kuzizira kwa ku Dedza mu Juni n'kwamasewera. Kuno mphepo imalowa m'mafupa ngati ili ndi ngongole nawe. Ndatsika kukagula tiyi wa R22 m'kapu yapepala, ndipo ndamwa ndili chiimire, ndikupondaponda ngati tambala.

Pasiteshoni panali galimoto ya apolisi. Mapepala anga ali bwinobwino, koma mtima unagundabe, dzanja n'kupita lokha m'thumba la m'kati kukakhudza pasipoti. Amene anakhalako kuno akudziwa chimene ndikunena. Apolisiwo ankangogula khofi.

Kutacha tinali m'chigwa chopanda mtengo, nkhosa apo ndi apo, mphero zamphepo zopopa madzi. Ndinagona, n'kudzuka tili pakati pa minda ya mphesa cha ku De Doorns, mapiri mbali zonse. Kenako basi inalowa m'mimba mwa phiri, mu Huguenot Tunnel, pafupifupi makilomita 4 mumdima wa magetsi achikasu. Ndinawerenga mumtima mpaka tinatuluka. Sindikonda kukhala pansi pa phiri ndili moyo.

Lachisanu madzulo, Capricorn

Basi itafika ku Kepi, sitima mpaka Steenberg, kenako takisi mpaka kwa msuweni. Alamu anandilandira ndi madzi otentha m'beseni ndi nsima ya usipa umene unabwera ndi basi sabata yatha. Ndinadya mitanda 4, ndisaname.

Msuweni wafika mdima utagwa, nsapato zili matope. Wakhala akugwira ntchito ya m'gadeni ku Bishopscourt zaka 6. Akamadulira mpanda kumtunda kwa nyumba ya abwana, mitengo ya ku Kirstenbosch amaiona ndi maso, koma sanapondemo.

"Asuweni, mawa tipite limodzi," ndinatero.

"Mawa ndili ndi ganyu. Komanso inu, ndikalipire ndalama kuti ndikaone udzu? Ine udzu amandilipira ndine."

Alamu anaseka mpaka kutsamwa. Tagwirizana kuti mawa ndipite ndekha, Lamulungu ndikamukoke, tikiti ndilipire ine.

Loweruka, Kirstenbosch

Ndinatsika sitima pa Claremont n'kuganiza zoyenda wapansi, poti phiri la Table, limene mundawo uli m'munsi mwake, limaoneka pafupi. Phiri ndi wabodza. Msewu umangokwera, mipanda italiitali, agalu akuuwa kuseri kwa mageti amagetsi. Ndinkayang'ana mageti aja ndi diso lantchito, ena owotcherera bwino, ena ongomata n'kubisa ndi penti. Mvula inandipeza ndisanafike, ya mawawa koma yonyowetsa.

Ndinabisala pakhonde la katchalitchi kamiyala, Church of the Good Shepherd, pafupi ndi geti la mundawo. Panali bambo wina wachikulire atanyamula maluwa m'chitini. Anandifunsa kwathu, ndipo nditati Malawi anagwedeza mutu ngati wamva dzina la m'bale. Anandiuza kuti pamene pali nyumba za anthu olemerazi panali mudzi wotchedwa Protea Village. Anthu ake ambiri ankagwira ntchito m'munda womwewu, kukumba, kumanga timipanda tamiyala, amayi n'kumagulitsa maluwa m'tauni. Boma la tsankho litati dera lino ndi la azungu, m'zaka za m'ma 1960 onse anawasamutsira ku Cape Flats, kutali ndi phiri. Tchalitchi ndi manda zilipobe. Mvula itachepa anandiperekeza ndi ambulera yake mpaka pamsewu, iye n'kubwerera kumanda.

Pageti ndinaonetsa pasipoti n'kulipira R100. Anthu a m'mayiko a SADC timalipira chimodzimodzi ndi eni dziko, pamene azungu awiri amene anali patsogolo panga analipira kuposa kawiri. Ndi koyamba pasipoti ya Malawi kundichotsera mtengo pa chinthu.

Za kukongola kwa phiri la Table ndi maluwa a protea sindilemba, zithunzi zake zili paliponse. Ndingonena kuti malowa ndi mahekitala 528, koma olimidwa ndi 36 okha, kwinako ndi thengo lokwera phiri. Anali malo a Cecil Rhodes, amene anawasiyira boma atamwalira mu 1902, ndipo munda unayamba mu 1913. Ine ndinafunsa njira ya kumiyala basi.

Zili pakapinga, pakati pa mitengo, zina pazitsa, zina pansi. Mayi wobereka mwana. Mbalame ziwiri zokolana makosi. Mutu wa nkhalamba yotsamira dzanja. Mvula inali itazitsuka, ndiye zakuda zinkanyezimira ngati zangotuluka m'mafuta. Ndinaima nthawi yaitali pa chimodzi, mtsikana woweramitsa mutu. Nkhope yake njosalala kwambiri moti madontho ankatsetsereka osaima, koma tsitsi lake analisiya lokhakhala, lotuwa, lili ndi timabowo tatimabowo ta nyundo yamano. Kumsana sanakhudzeko n'komwe, chikopa chofiirira cha mwalawo chili momwe chinachokera m'phiri. Mwala umodzi, mitundu itatu, popanda penti. Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kuika chikhatho patsaya pake. Panali pozizira ngati botolo la m'firiji.

"Musaope, sichiluma."

Anali mnyamata wa ku Zimbabwe, nsanza m'manja, akupukuta ziboliboli. Atamva kalankhulidwe kanga anati, "Ah, achimwene!" mmene amatiitanira kwawoko. Chichewa chake chinali chothyokathyoka, cha agogo ake aakazi, koma tinamvana. Anandiuza kuti mwala wakudawo amati springstone, wolimba kwambiri mwa miyala ya serpentine, ndipo umachokera ku Great Dyke, mtandadza wa mapiri wodula Zimbabwe pakati, wotalika makilomita oposa 500. Ukaumenya ndi nyundo umalira ngati chitsulo. Amayamba ndi nyundo ndi tchizulo, kenako tupa, kenako sandipepa wa m'madzi, kuyambira wokhakhala mpaka wosalala, masiku ndithu manja ali m'beseni. Pamenepo mwala umakhala udakali wotuwa. Kuda kuja kumabwera akauwotcha pamoto n'kuupaka polishi woyera wa pansi, Cobra yemweyu amene amayi athu amapaka pasimenti. Mwala wotentha umamwa polishiyo, ukazizira n'kuupukuta.

Apa ndinakhala pansi pakapinga ponyowa. Ndinakumbukira agogo Loweruka lina atauika mutu uja pafupi ndi mafuwa, agogo aakazi akukalipa kuti polishi wa m'nyumba akuthera pa chidole. Ndinali ndi zaka mwina 7. Ndinkayesa kuti akuuwotcha kuti ufe.

Anthu amangoti ziboliboli za Chishona, ndipo maina amene ndinawerenga pano ambiri ndi a Chishona ndithu, a osema a masiku ano. Koma kumene agogo ankagwira ntchito ndi dera la Tengenenge. Mu 1965 Ian Smith atalengeza ufulu wa azungu okhaokha, mayiko anaika zilango, fodya n'kusowa msika. Mlimi wina wa kumeneko, Tom Blomefield, anasowa cholipira antchito ake, ndipo wosema wina, Crispen Chakanyuka, anamuonetsa kuti phiri la pafamu yake ndi la serpentine. Mu 1966 antchito a fodya anayamba kusema. Nanga antchito a m'mafamu nthawi imeneyo anali ndani? Amalawi, a ku Zambia, a ku Mozambique, a ku Angola. Lemon Moses anali Mmalawi. Josia Manzi makolo ake anali Ayao ochokera kwathu. Fanizani Akuda, dzina lokhalo mwamva kale, anali Mchewa wobadwira ku Zambia mu 1932, ndipo anatchuka mpaka ku Ulaya ndi tianthu take ta maso ong'ambika pakati, toimba likhweru. Anamwalira mu 2011. Zosema zambiri zoyambirira za kumeneko zinali nkhope za gule wamkulu, amene Ashona amati zvigure. Dzina loti Tengenenge ena amati ndi Chichewa, kutanthauza chiyambi cha chiyambi, ngakhale ine ku Dedza sindinalimvepo.

Sindikunena kuti agogo anali mmodzi wa akatswiriwo. Mutu uja unali wopendama, khutu lina lalikulu. Koma polishi uja sanamuthere pachabe, ankadziwa chimene ankachita, ndipo ife tonse tinkawayesa ongodzitama.

Ziboliboli za panozi zimagulitsidwa, china chikapita amabweretsa china. Ndinafunsa mtengo wa mtsikana uja. Kwathu ungagule njinga yamoto ya kabaza, n'kutsala ya mafuta. Mnyamata uja anaseka nkhope yanga, n'kupisa m'thumba, n'kundipatsa kachibenthu ka springstone konga bokosi la machesi, kotuwa. "Kayeseni kunyumba," anatero.

Chakudya cha m'malesitilanti a m'kati sindinachiyandikire. Ndinadya magwinya awiri amene alamu anandikulungira, nditakhala pabenchi, nkhanga zikundizungulira. Nkhanga zonenepa, zosaopa munthu, zofika mpaka pansapato. Ndinaziyang'ana ndi maganizo amene Mmalawi aliyense angakhale nawo, ndipo ndinapempha chikhululukiro.

Masana ndinakwera kumene kuli mitengo ya cycad, yonga kanjedza wamfupi wa masamba obaya. Pakati pake aimikapo zinyama zakale zija, ma dinosaur, zamalata, zazikulu ngati zenizeni, china chili ndi mapiko. Anazipanga ndi David Huni, wa ku Zimbabwe nayenso. Ana ankakuwa ndi chimwemwe. Ine ndinapita pafupi kukaona mmene analumikizira. Malata opyapyala amavuta, ukangochedwetsa moto pang'ono waboola. Munthuyu anapinda chidutswa chilichonse kuti chitsate nthiti ndi minofu, ndipo khungu analichita makwinya moti ulumikizo umabisala m'makwinyamo. Ndakhala ndikuwotcherera zaka 11 ndipo zonse zimene ndapanga ndi zamakona anayi. Ndinachita kansanje, ndivomere.

Zinyamazo anaziika kuti anthu aziima n'kuona mitengoyo, chifukwa mtundu wake unalipo kale pamene zinyamazo zinkayenda, ndipo tsopano ukutha ndi akuba ogulitsa kwa anthu olemera. Mu 2014 akuba analowa muno usiku n'kuzula yoposa 20. Mtengo wina wa m'mundamu, Encephalartos woodii, uli m'khola lachitsulo. Unapezeka mu 1895 m'nkhalango ya oNgoye ku KwaZulu-Natal, wamphongo wokhawokha, ndipo waukazi sunapezekepo. Yonse imene ilipo padziko ndi mphukira za womwewo. Ife tili ndi wathu ku Mulanje, Encephalartos gratus, ndipo ndikukayika ngati alipo amaulondera usiku.

Pobwerera miyendo inakana. Ndinaitana galimoto ya pafoni mpaka Claremont, R68, ndipo ndinadandaula njira yonse.

Lamulungu, Kirstenbosch kachiwiri

M'mawa mayi woyandikana nawo, Msilamu, anatumiza mwana ndi mbale ya makoesister, timandasi ta zonunkhira toviika m'madzi a shuga n'kuwaza kokonati. Akuti kuno Lamulungu silicha popanda timeneti. Tinadya ndi tiyi, zala zili nyatanyata.

Msuweni anavala shati yoyera ya kutchalitchi ndi nsapato zosongoka. Ndinamufunsa ngati tikupita kukafunsira mbeta. Pageti anatulutsa pasipoti dzanja likunjenjemera pang'ono, ndipo atampatsa tikiti anaipinda bwinobwino n'kuika m'chikwama.

Ndimafuna kumuthamangitsira kumiyala, koma munthuyu sanayende mamita 20 asanagwade. Anafukula pansi pa chitsamba ndi chala, kununkhiza makungwa ogaya amene amathira kuti chinyezi chisathawe, n'kunena kuti awa ndi a chaka chatha. Anandionetsa pamene anadulira nthambi, mopendeketsa kuti madzi asakhalepo. Maluwa achikasu onga mutu wa mbalame anawatchula dzina asanawerenge chikwangwani, Mandela's Gold, n'kuti abwana ake ali nawo mapando atatu ndipo amawagawa ndi iyeyo. Pamenepo ndinazindikira kuti dzulo ndinayenda maola 6 m'munda wa maluwa osaona duwa.

Pali chiboliboli cha mutu wa Mandela pafupi ndi mtengo umene anabzala yekha mu 1996. Ine ndinkaona mutuwo, msuweni ankaona mtengowo. Pa dziwe lina pali katumbu wosema, ndipo tinakangana ngati ali weniweni mpaka mwana wa mzungu anatiseka.

Mlatho wa m'mwamba mwa mitengo uja amati Boomslang, wa mamita 130, umene anatsegula mu 2014, tinauwoloka chifukwa msuweni anaumirira. Umagwedera dala. Ndinagwira chitsulo ndi manja onse, maso pa ulumikizo wa zitsulo, osati pansi. Ntchito yake njaukhondo, izi ndinganene.

Muholo ya Richard Crowie munali chionetsero cha zojambula, zambiri za maluwa, za utoto wa madzi. Anthu ankayenda mwakachetechete ngati m'chipatala. Msuweni anaima pa chithunzi cha protea, manja kumbuyo, nthawi yaitali. Kenako anati chapansipansi, "Uyu analima. Taonani tsamba ili, ladyedwa ndi mbozi m'mphepete, sanabise." Pa china anangoti, "Uyu anajambula cha m'shopu." Mayi woyang'anira anafunsa chimene wanena, ndinamasulira, ndipo anaseka n'kuti wojambula woyamba uja amakhaladi pafamu.

Tinadutsa pamanda a Harold Pearson, amene anayambitsa mundawu n'kumwalira mu 1916, patangopita zaka 3. Pamwala wake analemba mawu otanthauza kuti ukafuna chikumbutso chake, yang'ana pozungulira. Ndinamuwerengera msuweni. Anayang'anadi pozungulira, makoma amiyala, masitepe, ngalande zoyalidwa mwala umodziumodzi, n'kufunsa kuti, "Anali ndi wilibala yaikulu bwanji bamboyu?" Ndinamuuza za bambo wa maluwa m'chitini uja. Sanayankhe.

Pamtengo wina panali gulu la anthu ndi makamera aataliatali, onse maso m'mwamba. Tinapita kukaona. Kadzidzi, masana dzuwa likuswa mtengo, atakhala phee akutiyang'ana. Azungu ankanong'onezana mwachimwemwe. Msuweni anatembenuka pomwepo, n'kundikoka mkono. "Tiyeni asuweni, izi si zathu."

Kumiyala tinafika cha m'ma 3. Mnyamata wa dzulo kunalibe. Msuweni anazungulira mwaulemu, osanena kanthu, ndipo ndinaona kuti akungondisangalatsa. Ndinamufunsa ngati akukumbuka mutu wa agogo. Anati, "Uja tinkaswera mtedza?" Ine sindinkadziwa kuti ankaswerapo mtedza. Kenako anaima pa mayi wobereka mwana uja. Mwanayo wosema anangomuonetsa chipumi ndi kadzanja kamodzi kogwira phewa, kwina konse kuli m'nsalu yamwala. Mwana wa msuweni ali ku Dedza ndi agogo ake, anamusiya akuyamwa, pano ali Sitandade 2. Anachotsa tsamba limene linagwera paphewa la mayiyo, n'kundipatsa foni kuti ndimujambule ataima pambali pake. Anaima chilili ngati pa chithunzi cha pasipoti. Ndinajambula katatu, chifukwa ulendo woyamba anatsinzina.

Potuluka anafunsa wa pageti ngati mtengo uja wa SADC umakhalapo masiku onse, kapena Lamulungu lokha.

Lolemba usiku, m'basi, pakati pa Worcester ndi Laingsburg

Alamu andinyamulitsa nsomba ya snoek yowamba, yokulunga m'nyuzipepala ndi majumbo awiri, komabe basi yonse yadziwa. Tikiti yobwerera R820, akuti chifukwa ndagula mochedwa. Ndatsala ndi R140 mpaka Lachisanu.

Kachibenthu kaja kali m'thumba la jekete ndipo kaboola kale kansalu ka m'kati. Poyamba paja ndinakatulutsa, n'kukapaka Vaseline pang'ono ndi chala, pakona imodzi. Panada pomwepo, kuda kwenikweni, ndipo mkati mwake mukuoneka timizere tobiriwira timene sindinatione kali kouma. Mnyamata wa mpando wa pambali anandiyang'ana, n'kusunthira chikwama chake kutali.

Kushedi kuli tupa ziwiri zakutha ndi sandipepa wotsala pa geti la mwezi watha. Moto ndiye sitisowa. Dalaivala walengeza kuti pa Laingsburg tiima mphindi 15 zokha, ndipo wochedwa amusiya.